Kuyeza voltage ya batire la 12 V ndi Arduino: MOSFET imodzi yokha, kapena osaika transistor n'komwe

Vuto lake limayamba chonchi. Mwapanga kachipangizo koyang'anira batire la sola, kamene kamadzuka kamodzi pa mphindi iliyonse, n'kuyeza, n'kugonanso. Popeza pini ya microcontroller siingapirire 12 V, mwaika ma resistor awiri ogawa voltage. Kenako mwakumbukira kuti ma resistor awiriwo amamwa batire usana ndi usiku, ngakhale chipangizo chili m'tulo, ndiye mwaika transistor yoti izidula njirayo. Imodzi yakanika kuzima bwino, mwawonjezera yachiwiri yoyendetsa inzake, iliyonse ndi ma resistor ake. Pano bolodi yadzaza, manambala sakugwirizana ndi a pa mita, ndipo batire likuthabe ngati kale.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ntchito yonseyi imachitika munthu asanatenge cholembera kuti awerengere current imene ma resistor aja akudya. Malangizo ano ayambira pomwepo. Mukafika kumapeto mukhala ndi chimodzi mwa ziwiri: circuit yopanda transistor, kapena ya MOSFET imodzi (mtundu wa transistor wogwira ntchito ngati swichi) yoikidwa pamalo ake. Tigwiritsa ntchito chip ya ATmega328P, imene ili pa Arduino Pro Mini, Nano ndi Uno R3.

Zonse zili muno n'za mabatire a DC osapitirira 16 V. Musayerekeze kuzilumikiza ku magetsi a m'nyumba a 230 V.

Zofunika kukhala nazo

- Arduino Pro Mini ya 3.3 V, kapena Nano ya 5 V.
- Resistor ya 150k ndi ya 10k, zonse za 1%. Ya 150k ili ndi mizere isanu: bulauni, girini, wakuda, olenji, bulauni. Ya 10k: bulauni, wakuda, wakuda, wofiira, bulauni.
- Resistor ya 1.5M ndi ya 100k, za njira yopanda transistor.
- Resistor ina ya 100k, ya pa gate ya MOSFET, mwendo umene umaiyatsa ndi kuizimitsa.
- Capacitor ya ceramic ya 100 nF, yolembedwa 104.
- MOSFET ya N-channel: BSS138 ngati bolodi yanu ndi ya 3.3 V, 2N7000 ngati ndi ya 5 V.
- Fyuzi ya 1 A kapena yocheperapo, ndi kanyumba kake.
- Multimeter (mita) yotha kuyeza µA, current yochepa kwambiri: 1000 µA ndi 1 mA. Popanda imeneyi simudzadziwa ngati circuit ikuzimadi.
- Breadboard, mawaya ndi soldering iron.

1. Lembani manambala atatu musanakhudze waya

Yoyamba ndi voltage yapamwamba imene batire lingafike. Batire la lead-acid lodzaza, likapumula, limakhala pa 12.6 V mpaka 12.7 V, koma likamatchajidwa limakwera kufika pafupifupi 14.4 V. Siyani mpata, lembani 16 V.

Yachiwiri ndi malire a ADC, mbali ya chip imene imasandutsa voltage kukhala nambala. ADC ya ATmega328P imapereka nambala zoyambira 0 mpaka 1023, ndipo imayerekeza voltage ya pa pini ndi muyezo wake. Ife tisankha muyezo wa m'kati wa 1.1 V. Datasheet imanena kuti muyezowu umasiyana chip ndi chip, kuyambira 1.0 V mpaka 1.2 V, choncho pini isaposere 1.0 V.

Yachitatu ndi kukula kwa batire: 7 Ah, 100 Ah, kapena mAh ngati ndi laling'ono.

Chenjezo: ambiri amawerengera pa 12 V chifukwa ndiyo yalembedwa pa batire. Dzuwa likatuluka n'kuyamba kutchaja, nambala imakakamira pa 1023 ndipo chipangizo chimasiya kuona kanthu.

2. Sankhani ma resistor awiri ogawa voltage

Resistor ya pamwamba, yopita ku pozitivi ya batire, tiitchule R1. Ya pansi, yopita ku GND (mbali ya negativi ya circuit), ndi R2. Voltage ya pakati pawo ndi ya batire kuchulukitsa ndi R2, kugawa ndi R1 kuphatikiza R2.

R1 ikakhala 150k, R2 n'kukhala 10k, voltage imagawika ndi 16 ndendende. Batire la 12.6 V limapereka 0.79 V pa pini, la 14.4 V limapereka 0.9 V, ndipo la 16 V limafika pa 1.0 V, malire aja. Nambala ya ADC ikasintha ndi imodzi ndiye kuti batire lasintha ndi 17 mV, zimene n'zokwanira pa ntchito yoyang'anira batire.

Pali chifukwa china chosankhira awiri amenewa. ADC ya chip iyi imafuna kuti chimene chikuidyetsa chikhale ndi resistance ya 10k kapena kutsika. Ma resistor athu, mmene pini imawaonera, ali ngati aikidwa moyandikana, ndipo 150k ndi 10k zikatero zimapereka 9.4k.

3. Werengerani current, ndipo muiyerekeze ndi zina zonse zimene zikumwa batire

Apa ndi pamene nkhani yonse imagamulidwa, choncho musathamange.

Gawani 12.6 V ndi 160k. Mupeza 79 µA. Mwezi uli ndi maola pafupifupi 720, ndiye pa mwezi ma resistor amenewa adya 57 mAh. Pa batire la 7 Ah, lija la mu UPS kapena mu alamu, zimenezi sizifika 1%. Pa la 100 Ah n'zosaoneka n'komwe.

Tsopano taonani zimene batire limataya palokha. La lead-acid limadzithera pafupifupi 3% mpaka 5% pa mwezi lili chikhalire, ndipo m'nyengo yotentha ngati ya mu Okutobala limataya koposa. Pa 7 Ah, 3% ndi 210 mAh. Kudzithera kwa batire kukuposa ma resistor anu pafupifupi kanayi.

Kenako yang'anani bolodi yeniyeniyo. Regulator, imene imatsitsa voltage ya batire kuti ikwanire bolodi, ikakhala ya 7805 kapena ya AMS1117 imadya pafupifupi 5 mA ngakhale palibe chimene ikuyendetsa. Imeneyo ndi 5000 µA, kuposa ma resistor ka 60. Kababu kosonyeza kuti bolodi yayaka nako kamamwa kuposa ma resistor. Munthu amene waika ma transistor awiri kuti apulumutse 79 µA, uku wasiya 7805 ndi kababuko, akutseka kabowo ka singano pamene ndowa ilibe pansi. Ngati cholinga ndi kusunga batire, yambani ndi kuchotsa kababuko ndi kusintha regulator. LP2950 imadya pafupifupi 75 µA ndipo imalandira mpaka 30 V. MCP1703 imadya pafupifupi 2 µA koma malire ake ndi 16 V.

Pali nthawi zimene 79 µA imakhala yaikulu ndithu. ATmega328P yogona bwino, watchdog (kawotchi ka m'kati kamene kamaidzutsa) ili yoyaka, imadya pafupifupi 5 µA. Chipangizo chotere chikakhala pa batire laling'ono la 9 V, la alkaline la pafupifupi 550 mAh, ma resistor okha adya 40 mAh pa mwezi ndipo batire litha patangopita chaka ndi pang'ono. Mabatire atatu a 18650 olumikizana, amene amafika 12.6 V akadzaza, nawonso safuna kuwamwa pang'onopang'ono ali m'kabati, chifukwa lithium ikatsika kwambiri imawonongeka.

Ine ndimatsata izi: current ya ma resistor ikakhala yochepa poyerekeza ndi zina zonse zimene batire likutaya, chotsani ma transistor onse, siyani 150k ndi 10k, ikani capacitor pa pini, pitani ku sitepe 7. Ikakhala kuti ndi yaikuludi, yesani sitepe 4 poyamba.

4. Njira yopanda transistor: kwezani ma resistor

Sinthani R1 ikhale 1.5M, R2 ikhale 100k. Kugawa kwake n'komwe kuja kwa 16, koma current yatsika kufika 7.9 µA, osakwana 6 mAh pa mwezi.

Tsopano pini ikuona pafupifupi 94k, kuposa kwambiri 10k ija. Mankhwala ake ndi capacitor ya 100 nF pakati pa pini ya A0 ndi GND, pafupi kwambiri ndi bolodi. M'kati mwa ADC muli ka capacitor ka 14 pF kamene kamatunga pang'ono nthawi iliyonse mukayeza. Ya 100 nF ndi yaikulu kuposa kameneka ka 7000, ndiye kutungako sikutsitsa voltage mpaka kusintha nambala. Ili ngati thanki yodzazidwa ndi mpopi wodontha: mukatunga kapu imodzi madzi saoneka kuti atsika, koma mukamatunga mosalekeza atsika. Choncho musayeze kambirimbiri pa sekondi. Kuyeza kangapo pa mphindi kulibe vuto.

Chenjezo: ma resistor aakulu chonchi amadana ndi chinyezi ndi litsiro. Flux (mankhwala owotcherera) yotsalira pa bolodi, fumbi ndi chinyezi cha nthawi ya dzinja zimapanga njira zobisika za current, ndipo manambala amayamba kusuntha popanda chifukwa chooneka. Tsukani bolodi mukamaliza kuwotcherera, muiike m'bokosi lotseka. Ngati chipangizo chikakhale panja, pa mjigo kapena m'dimba, kapena ngati 7.9 µA ikadali yambiri kwa inu, ndiye MOSFET yapeza ntchito yake.

5. Njira ya MOSFET imodzi: iikeni pakati, osati pansi

Bwererani ku 150k ndi 10k. Batire lisanalumikizidwe, chitani izi motsatana:

- Kuchokera ku pozitivi ya batire, ikani fyuzi pafupi ndi batire lenilenilo, kenako R1 ya 150k.
- Mwendo wina wa R1 upite ku drain ya MOSFET.
- Source ya MOSFET ipite ku pini ya A0.
- Kuchokera pa A0, ikani R2 ya 10k kupita ku GND, ndi capacitor ya 100 nF kupitanso ku GND.
- Gate ipite ku pini ya D7, ndipo resistor ya 100k ichoke pa gate kupita ku GND.
- Negativi ya batire ilumikizane ndi GND ya Arduino.

Miyendo yake: 2N7000 mukaigwira mbali yafulati ikuyang'ana inu, miyendo ili pansi, kuchokera kumanzere ndi source, gate, drain. BS170 imafanana nayo maonekedwe koma miyendo yake ndi yotembenuka, drain ili kumanzere. BSS138 ndi kakang'ono ka SOT-23, kofunika kukawotcherera pa kabolodi: mwendo umene uli wokha mbali imodzi ndi drain, pini 1 ndi gate, pini 2 ndi source. Gate ya MOSFET imapsa ndi magetsi a m'thupi, makamaka nyengo youma, choncho gwirani kaye chitsulo chofika pansi musanaitole.

Tsopano chenjezo lalikulu kuposa onse. Maganizo amene amabwera msanga ndi oti MOSFET ikhale pansi pa R2, izidula GND, chifukwa umu ndi mmene timayatsira relay kapena mababu. Pa circuit iyi musatero. Mukadula pansi, pini ya A0 imatsala yolumikizidwa ku 12.6 V kudzera mu R1. Pini ya ATmega328P siyenera kuposa voltage ya chip ndi 0.5 V, ndipo m'kati mwake muli diode yoteteza imene imatsegukira ku VCC, waya wodyetsa chip. Pa bolodi ya 3.3 V diode imeneyo igwira pini pafupifupi pa 3.8 V, ndipo current ya 12.6 kuchotsa 3.8, kugawa ndi 150k, izilowa mu chip. Imeneyo ndi 59 µA. Mwachoka pa 79 kufika pa 59, ndiye kuti simunapulumutse kanthu kwenikweni.

Ndipo zoipa zake sizithera pomwepo. Chip yogona ikudya 5 µA yokha, pamene 59 µA ikukankhidwira mu VCC. Regulator wamba imadziwa kupereka current, siidziwa kuimeza, choncho voltage ya bolodi yonse imayamba kukwera kupitirira 3.3 V. Sensa kapena wailesi iliyonse imene ili pa waya womwewo ili pangozi. Vuto lomweli limabwera mukagwiritsa ntchito pini ya Arduino ngati GND ya R2 n'kumaimasula pogona.

MOSFET ikakhala pakati, zonsezi kulibe. Ikazima, 12 V imathera pa drain, ndipo R2 imakokera pini ku 0 V.

6. Tsimikizani kuti MOSFET yanu itsegukadi

MOSFET ya N-channel imatseguka gate ikaposa source ndi voltage inayake imene datasheet imaitcha threshold. Pano source siili pa GND, ili pa voltage ya pini. N'chifukwa chake tinasankha muyezo wa 1.1 V: pini ikakhala pansi, gate imakhala ndi mpata.

Pa bolodi ya 3.3 V, batire lili pa 14.4 V, source ili pa 0.9 V, kusiyana kwake ndi 2.4 V. Threshold ya BSS138 siipitirira 1.5 V, ndiye itseguka mosavuta. Ya 2N7000 imayambira 0.8 V mpaka 3 V malinga ndi imene mwagula. Pa 3.3 V ina igwira, ina ikana, ndipo ina igwira lero n'kukana kukazizira. Pa bolodi ya 5 V kusiyana kuli 4.1 V, 2N7000 ilibe vuto.

Ikatseguka, resistance yake ndi ma ohm ochepa chabe, osaoneka pambali pa 150k. Apa ndi pamene imaposera transistor wamba ya PNP, imene imadya voltage pang'ono pakati pa emitter ndi collector, ndipo kudyako kumasintha ndi kutentha.

Kaikidwe aka kali ndi ubwino wina umene ndimaukonda kwambiri. Source siingakwere kupitirira gate, chifukwa ikayandikira MOSFET imayamba kudzitseka yokha. Ngakhale R2 itaduka kapena kuzuka pa breadboard, pini siiona 12 V.

Chenjezo: musaike transistor ya NPN ngati BC547 kapena 2N3904 pamalo pamenepa. Current ya base imatulukira ku emitter n'kudutsa mu R2, ndipo imadziphatikiza ku chimene mukuyeza. Nambala ituluka yokwera kuposa yoona.

7. Lembani pulogalamu

```
const byte GATE = 7;
float chochulukitsa = 0.01719; // 1.1 x 16 / 1024

float yezaBatire() {
  digitalWrite(GATE, HIGH);
  analogRead(A0); // nambala yoyamba, itayeni
  delay(20);
  unsigned int zonse = 0;
  for (byte i = 0; i < 16; i++) zonse += analogRead(A0);
  digitalWrite(GATE, LOW);
  return zonse / 16.0 * chochulukitsa;
}

void setup() {
  analogReference(INTERNAL);
  pinMode(GATE, OUTPUT);
  digitalWrite(GATE, LOW);
  Serial.begin(9600);
}

void loop() {
  Serial.println(yezaBatire());
  delay(5000);
}
```

Ngati mwasankha njira yopanda transistor, chotsani mizere yonse ya GATE, zina zisiyeni.

Mizere iwiri, ya analogRead yoyamba ndi ya delay(20), ili ndi zifukwa zake. Lamulo la analogReference silisintha muyezo nthawi yomweyo, limangosunga chimene mwasankha, ndipo chip imasintha pa analogRead yoyamba. N'chifukwa chake tikuyeza kamodzi, n'kutaya, kenako n'kudikira. Pa 20 ms imeneyo muyezo umakhazikika ndipo capacitor imadzaza. Capacitor ya 100 nF yodyetsedwa ndi 9.4k imafuna pafupifupi 7 ms kuti ifike pamene ADC iyi singaonenso kusiyana. Mukachotsa kudikirako, nambala izituluka yotsika nthawi zonse.

Mukamayeza kamodzi pa mphindi, circuit imayaka pafupifupi 25 ms yokha pa masekondi 60. Mukaigawa nthawi yonse, current yake siifika 0.1 µA.

Chenjezo: pini ya AREF isalumikizidwe ku 3.3 V kapena 5 V pamene mwasankha INTERNAL. Mukatero mwachititsa shoti m'kati mwa chip.

8. Gwirizanitsani nambala ndi mita

Chifukwa muyezo wa 1.1 V umasiyana chip ndi chip, nambala yoyamba ikhoza kusemphana ndi yoona ndi 0.5 V kapena kuposa. Si vuto la mawaya anu.

Ikani mita pa matemino a batire. Tinene kuti ikuonetsa 12.60 V pamene Arduino ikuti 12.81 V. Chulukitsani 0.01719 ndi 12.60, gawani ndi 12.81. Mupeza 0.01691. Lembani imeneyo mu pulogalamu. Kenako yesani pa voltage ina, batire likutchajidwa kapena litatsika, muone ngati zikugwirizanabe. Mukasintha bolodi, bwerezani, chifukwa nambala imeneyi ndi ya chip imodzi yokha.

Chenjezo: yezani pa batire, osati pa pini ya A0, makamaka pa njira ya sitepe 4. Mita zambiri zili ndi resistance ya 10M m'kati, ndipo mukaiika pa pini yodyetsedwa ndi 94k imatsitsa voltage pafupifupi 1%. Mudzakhala mukukonza cholakwika chimene mita yabweretsa yokha.

9. Yezani ngati ikuzimadi

Ambiri amadumpha sitepe iyi, pamene ndiyo ikusonyeza ngati ntchito yonse yapindula. Masulani waya pakati pa fyuzi ndi R1, ikanipo mita ili pa µA. Sinthani kwakanthawi delay(20) ikhale delay(3000) kuti muone bwino. Gate ikayaka muone pafupifupi 79 µA. Ikazima muone 0, kapena osafika 1 µA.

Mukaona pafupifupi 75 µA pamene iyenera kukhala yozima, ndiye kuti drain ndi source mwazitembenuza. Cholakwika ichi n'chobisika kwambiri. M'kati mwa MOSFET muli diode yolola current kuchoka ku source kupita ku drain, choncho ikatembenuzidwa current imadutsa nthawi zonse. Gate ikayaka, MOSFET imatsegukabe ndipo nambala imatuluka yolondola. Mukangodalira nambala za pa kompyuta mudzaganiza kuti zonse zili bwino, chikhalirecho batire likumwedwa usana ndi usiku.

Mukamaliza, bwezerani waya wofiira wa mita pabowo la voltage. Mukaiwala n'kuigunditsa pa batire, fyuzi ya m'mita ipsa pomwepo.

Ngati mukugwiritsa ntchito ESP32

Circuit ndi yomweyo, ndi BSS138. Yezerani pa pini za ADC1, GPIO32 mpaka GPIO39, chifukwa za ADC2 sizipezeka Wi-Fi ikayaka. Gate isapite pa GPIO34 mpaka GPIO39, zimene zimangolandira osatulutsa, kapena pa GPIO0, poti resistor yokokera ku GND pamenepo ilepheretsa pulogalamu yanu kuyamba. ADC ya ESP32 siiyenda molunjika ngati ya ATmega328P, choncho gwiritsani ntchito analogReadMilliVolts, chulukitsani ndi 16, ndipo sitepe 8 muichite pa voltage ziwiri kapena zitatu.

Nthawi yosunga ma transistor awiri

Circuit yakale ija ya ma transistor awiri, MOSFET ya P-channel pamwamba ndi transistor ya NPN yoiyendetsa, si yolakwika. Isungeni ngati swichi yomweyo ikuyatsanso chinthu china cha 12 V, kapena ngati mukufuna kuti pini ifike pafupi ndi 3.3 V. Mukaisunga, onetsetsani malire a gate. BSS84 imapirira 20 V pakati pa gate ndi source, koma AO3401 imapirira 12 V yokha, ndipo batire lotchajidwa pa 14.4 V laposa kale pamenepo.

Komanso ngati chip ikudya mwachindunji kuchokera ku batire popanda regulator, monga mabatire atatu a AA, simufunika resistor ngakhale imodzi. ATmega328P imatha kuyeza muyezo wake wa 1.1 V moyerekeza ndi VCC, ndipo 1.1 kuchulukitsa ndi 1024, kugawa ndi nambala yotulukayo, ndiyo voltage ya batire.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kusiya gate yopanda resistor ya 100k. Arduino ikamayamba kapena ikachita reset, pini zake zimakhala zomasuka, ndipo gate yomasuka imasunga magetsi alionse amene yatola. Circuit imatha kukhala yoyaka popanda woiyatsa. Pa ESP32 zimachitikanso ikalowa m'tulo tatikulu.

Kutenga voltage kutali ndi batire. Waya umene ukudyetsa mababu kapena invata umadya voltage m'njira, ndiye chipangizo chimanena kuti batire latsika pamene lili bwino. Waya woyezera, pamodzi ndi wa negativi, zichokere pa matemino a batire.

Kuweruza batire la lead-acid likutchajidwa kapena likugwira ntchito. Voltage imene imanena zoona za kudzaza kwake ndi ya pamene lapumula maola angapo. Masana 13.8 V ikungokuuzani kuti sola ikutchaja.

Kugonetsa chip ADC ili yoyaka. ADC yosiyidwa chomwecho imatha kudya kuposa ma resistor onse amene mwavutika nawo. Zimitsani ADEN, bit yoyatsa ADC imene ili mu register ya ADCSRA, musanagonetse chip, muiyatsenso ikadzuka.

Kulowetsa batire la sola pa pini ya RAW ya Pro Mini. Regulator yake ndi yaing'ono, ndipo pa mabolodi ambiri otsika mtengo 14.4 V ili pamalire kapena yapitirira. Ikani regulator yapadera.

Kuiwala kulumikiza GND ya batire ndi ya Arduino, makamaka poyesa bolodi ikudya pa USB ya kompyuta. Manambala amangodumphadumpha.

Kusiya fyuzi chifukwa current ndi yochepa. Fyuzi siyoteteza ma resistor, ikuteteza waya. Ngakhale batire la 7 Ah likachita shoti limatulutsa current yotha kufiiritsa waya wopyapyala n'kuyatsa pulasitiki yake m'masekondi ochepa, choncho iikeni pafupi ndi temino ya pozitivi, ndipo ikhale yomaliza kulowetsa mawaya ena onse mutawaonanso kawiri.